MAKANDULO ATATU: MBIRI YA KULEMBA MOFULUMIRA PA MAYESO A KU CHINA

Mphunzitsi ali yense amene anayang'anirapo mayeso adziwa cimene cicitika m'cipinda pamene kwanenedwa kuti kwatsala mphindi khumi. Ana amene anakongoletsa tsamba loyamba ayamba kupotoza zilembo, mizere iyamba kukwera phiri, ndipo wina ali kukutumula dzanja lace limene lacita dzanzi. Pambuyo pace mphunzitsi yemweyo akhala pansi ndi mulu wa mapepala, nadzifunsa ngati malikisi amene ali kupereka ali a nzeru za mwanayo kapena a liwiro la dzanja lace. Funso limeneli nlakale ndithu. Anthu a ku China analimbana nalo zaka pafupifupi 1,300, pakuti kumeneko ndiko kumene kulemba cimangirizo nthawi iri yowerengeka kunayamba kukhala khomo lolowera pa nchito ya boma.

Mayeso ao anayamba m'masiku a mafumu a banja la Sui, ca m'caka ca 605, ndipo anatha mu 1905. Munthu wofuna kukhala woweruza kapena wolamulira dera anayenera kuloweza pamtima mabuku a ciphunzitso ca Confucius, amene zilembo zace zonse pamodzi zipitirira 400,000. M'zaka za mafumu a Ming ndi a Qing makwerero anali otere: poyamba munthu anayesedwa kwao, m'dera lace, akakhoza anapita ku mayeso a cigawo conse, amene anacitika kamodzi pa zaka zitatu, akakhozanso pamenepo anapita ku mzinda waukuru, ndipo potsiriza anakalemba m'nyumba ya Mfumu Yaikuru. Pa mayeso a cigawo, mwa anthu 100 okhoza anali mmodzi kapena awiri. Otsalawo anabwerera kumudzi kukadikira zaka zina zitatu, ndipo ambiri a iwo anakhala aphunzitsi a ana a eni cuma.

Poyambirira liwiro linali ulemu. M'nthawi ya Tang kunali mlakatuli wochuka dzina lace Wen Tingyun, wa m'zaka za m'ma 800, amene anzace anamucha dzina lotanthauza kuti "wopinda manja kasanu ndi katatu", cifukwa, monga isimbira mbiri, iye sanali kulemba poyamba pa pepala loyesera ai, koma anapinda manja ace kasanu ndi katatu, ndipo ndime zisanu ndi zitatu za ndakatulo yofunsidwa zinali zitatha m'mutu mwace. Nthawi imene inamtsalira anaigwiritsa nchito yothandiza amene anakhala naye pafupi. Kunenedwa kuti caka cina woyesa anamkhazika payekha patsogolo pace kuti amuone bwino, koma ngakhale potero iye ananong'oneza mayankho kwa anthu asanu ndi atatu. Mwini wace sanakhoze konse mayeso akuruwo mpaka imfa yace.

Mafumu oyamba a banja la Song anacipititsa patsogolo cizolowezi cimeneci. Mfumu Taizu, amene mu 973 anakhazikitsa mwambo wakuti mayeso otsiriza azicitika pamaso pa mfumu, anali msilikari, ndipo m'masiku amenewo malo oyamba kawirikawiri anapatsidwa kwa munthu amene anayamba kupereka pepala lace, malinga likhale lopanda colakwa cacikuru. Mu 975, monga asimbira olemba mbiri a nthawiyo, anthu awiri anakangana za malo oyamba, ndipo mfumu inawauza kuti agwetsane pomwepo ngati anyamata a kubusa. Wang Sizong anagwetsa mnzace, nakhala woyamba wa ophunzira onse a m'dziko caka cimeneco.

Ophunzira ataona kuti mphotho iri pa liwiro, anayamba kuphunzira liwiro. Izi sizidabwitsa mphunzitsi, pakuti ana aphunzira cimene mayeso afuna, ngakhale mphunzitsi atanena zina zotani m'kalasi. Ouyang Xiu, wolemba wamkuru wa m'zaka za m'ma 1000, asimba za Li Shuji ndi anzace amene anali kusonkhana pa nyumba yophikira zitumbuwa za tirigu, napikisana kuti ndani atsirize ndime ya ndakatulo citumbuwa cimodzi cisanapse. Mbiri yace inafika kwa Mfumu Taizong, ndipo inamkwiyitsa. Pa mayeso a 992 Li Shuji anaimirira woyamba kukapereka pepala lace, ali wotsimikiza mtima kuti wapambana. Mfumu inamdzudzula nimturutsa kunja. Malo oyamba anapatsidwa kwa Sun He, munthu wodziwa zinthu koma wocedwa kuganiza. Caka comweco anayamba kumata pepala pa dzina la wolemba pa mayeso a m'nyumba ya mfumu, kuti woyesa asadziwe mwini yankho. Kucokera pamenepo mau akuti kuthamanga si kufika anakhala oona m'nyumba ya mayeso: woyamba kutsiriza sanalandirenso kanthu cifukwa ca kutsiriza msanga.

Koma kucotsa mphotho ya liwiro sikunacotse malire a nthawi. Malamulo amene Mfumu yoyamba ya Ming inaika mu 1384 anati pa tsiku loyamba la mayeso a cigawo munthu alembe zimangirizo zisanu ndi ziwiri: zitatu zocokera m'Mabuku Anai, ciri conse ca zilembo zosacepera 200, ndi zinai zocokera m'buku limodzi la mabuku akale asanu, ciri conse ca zilembo zosacepera 300. Mafunso anaperekedwa mbanda kuca, ndipo mapepala anayenera kubwezedwa madzulo. Amene sanatsirize dzuwa litalowa anapatsidwa makandulo atatu. Kandulo yacitatu ikazima, asilikari anamgwira mkono namturutsa, kaya watsiriza kaya sanatsirize. Panalibe koloko pa khoma. Munthu anaona nthawi yace iri kusungunuka pa thabwa pamene analemberapo. Pambuyo pace, m'masiku a Qing, olemba anali kugona m'nyumba ya mayeso usiku uwiri pa cigawo ciri conse ca mayesowo, ndipo zigawo zinali zitatu, pa tsiku la 9, la 12 ndi la 15 la mwezi wacisanu ndi citatu. Koma zimangirizo nazo zinatalika, kufikira mu 1778 pamene boma linaika malire a zilembo 700.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa nchito imeneyi ayenera kukumbukira kuti cilembo cimodzi ca Cichaina ndi mau athunthu, ndipo zambiri zifuna kukhwatsa burashi kakhumi kapena kuposa. Inki sinali ya m'botolo. Wolemba anabwera ndi kamtanda ka inki youma, nakapera ndi madzi pa mwala wosalala, ndipo inki ikatha pa mwalapo anaima kulemba napera yina. Tsono zonse zinalembedwa kawiri, poyamba pa masamba oyesera, kenaka pa masamba oyera m'zilembo zoongoka, ndipo zonse ziwiri zinaperekedwa kwa oyesa. Pa mayeso a m'dera kunali mwambo winanso: patapita ngati ora limodzi funso loyamba litaperekedwa, alembi anayendera mipando nadinda cidindo pamalo pamene munthu ali yense wafika. Amene anapezeka kuti sanalembe kanthu pa nthawiyo, pambuyo pace napereka cimangirizo cokoma, anaganiziridwa kuti wathandizidwa ndi wina.

Malo olemberamo sanali cipinda cacikuru cokhala ndi madesiki. Anali mizere yaitali ya tizipinda ta njerwa, kamodzi ka munthu mmodzi, kotalika ngati mapazi 6 kupita m'mwamba, mapazi 3 m'mimba mwace ndi mapazi 4 kulowa m'kati, kopanda citseko. M'katimo munali matabwa awiri olowetsa m'makoma: lina linali tebulo, lina mpando, ndipo usiku anawalinganiza pamodzi kuti akhale kama wa munthu wogona copinda miyendo. Nyumba ya mayeso ya Jiangnan, mu mzinda wa Nanjing, inafika pa tizipinda 20,644 m'zaka za m'ma 1870. Wolemba anadzitengera cakudya, makala, cofunda ndi nsaru yochinga mvula, ndipo pa cipata asilikari anamsecha mpaka kung'amba mikate yace kufuna timapepala tobisika. Onse atalowa, zipata zinatsekedwa ndi kumatidwa cidindo. Munthu akafera m'katimo mtembo wace unakulungidwa mu mphasa nuturutsidwa pamwamba pa linga. Mu 1463 moto unabuka m'nyumba ya mayeso ya ku Beijing zipata ziri zotseka, ndipo anthu oposa 90 anapsa.

M'malo otere ndimo munakulira mtundu wa cimangirizo umene uchedwa "ca miyendo isanu ndi itatu", umene unakhazikika ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Wolemba anayamba ndi ziganizo ziwiri zomasulira mutu, naonjeza zina zowerengeka zoufutukula, ndipo thunthu la nkhani linali ndime zinai, iri yonse ya mbali ziwiri zoyenderana mau ndi mau monga miyendo ya munthu. Anthu anzeru a ku China komweko, monga Gu Yanwu wa m'zaka za m'ma 1600, anaudzudzula kolimba kuti uononga maphunziro, ndipo sanalakwe: anyamata ambiri analeka kuwerenga mabuku enieni nayamba kuloweza zimangirizo za amene anakhoza kale, zimene osindikiza anali kugulitsa m'misika. Komabe ciweruzo cimeneci cisaiwalitse cifukwa cimene mtunduwu unakhalira zaka 400. Munthu amene ali ndi zimangirizo zisanu ndi ziwiri ndi makandulo atatu alibe nthawi yofunafuna poyambira. Cikombole cinamcotsera nkhawa ya kamangidwe, kuti mtima wace wonse ukhale pa zonena. Cinathandizanso woyesa, amene anali ndi mapepala mazanamazana oti awerenge m'masabata owerengeka, ndipo anatha kuona pa ziganizo ziwiri zoyamba ngati wolemba walimva funso. Mphunzitsi amene aphunzitsa ana kuti cimangirizo cikhale ndi mau oyamba, thunthu ndi mau otsiriza ali kuwapatsa cida ca mtundu womwewo, ndipo ngozi yace iri yomweyo: mwana akhoza kudzaza cikombole bwinobwino wopanda kunena kanthu.

Za kaonekedwe ka zilembo boma linayesetsa kucita cilungamo. Kuyambira m'masiku a Song, pepala la wolemba linaperekedwa kwa alembi amene analikopera lonse, ndipo m'masiku a Ming ndi a Qing pepala lolembedwa ndi inki yakuda linakoperedwa ndi alembi mazana ndi inki yofiira. Ena anafananiza mapepala awiriwo kuti mlembi asasinthe kanthu, ndipo woyesa anaona lofiira lokha. Potero sanathe kuzindikira dzanja la mwana wa mbale wace. Koma pepala lakuda lisanafike kwa alembi linayamba lapendedwa ngati lasunga malamulo. Kudontheza inki, kung'amba tsamba, kulemba cilembo ca m'dzina la mfumu osacisintha monga mwa lamulo, kapena kusiya tsamba losalembedwa pakati, zonsezi zinali milandu, pakuti oyang'anira anaopa kuti zingakhale zizindikiro zopangana ndi woyesa. Dzina la wolakwa linalembedwa ndi inki yobiriwira ngati thambo nilipacikidwa pa khoma kunja, ndipo munthuyo sanaloledwe kulowa m'zigawo zotsala.

Anthu awiri a m'badwo umodzi aonetsa bwino m'mene dzanja lingapandukire mwini wace. Woyamba ndi Wu Zhaoqian, mlakatuli wodziwika kuyambira ubwana wace, amene anakhoza mayeso a ku Nanjing mu 1657. Kunamveka kuti oyesa analandira ziphuphu caka cimeneco, ndipo Mfumu Shunzhi inalamula kuti onse okhoza abwere ku Beijing adzalembenso. Analemba mu 1658, asilikari a zida ataimirira pambali pao. Wu Zhaoqian, amene panalibe wokayika za nzeru zace, sanatsirize pepala lace. Ena ati ananjenjemera ndi mantha kotero kuti burashi inamkanika kugwira. Ena ati anakana dala cifukwa ca kunyozedwa. Anakwapulidwa, cuma ca banja lace cinalandidwa, ndipo anapitikitsidwira ku Ningguta, dziko lozizira la kumpoto ca kum'mawa, kumene anakhala zaka zoposa 20 kufikira abwenzi ace anamuombola mu 1681. Oyesa akuru awiri a ku Nanjing anaphedwa pamodzi ndi owathandiza.

Waciwiri ndi Pu Songling, wobadwa mu 1640 ku Zichuan m'cigawo ca Shandong, mwana wa munthu wamalonda amene cuma cace cinali citacepa. M'caka comweco ca 1658, ali ndi zaka 18, iye anakhala woyamba pa mayeso onse atatu a kwao, ndipo woyesa, Shi Runzhang, amene anali mlakatuli wochuka, anayamikira kwambiri kalembedwe kace. Anthu onse a m'mudzi anayembekeza kuti mnyamatayo adzakhala nduna. Koma mayeso a cigawo ku Jinan anamkana, nabwerera, nayesanso, namkananso, zaka zitatu ziri zonse. Kuti adyetse mkazi ndi ana analowa uphunzitsi. Kuyambira 1679 anakhala m'nyumba ya banja lolemera la Bi, pa mudzi wina kutali ndi kwao, naphunzitsa ana a m'banjamo zaka ngati 30, nabwera kwao mwa kamodzikamodzi.

Mu 1687, ali ndi zaka 47, analowanso m'kacipinda kace ku Jinan. Ulendo uno funso linamkomera. Monga anafotokozera yekha pambuyo pace, mau anabwera mosabvuta, ndipo analemba mothamanga ndi mokondwa. Potembenuza tsamba anatembenuza awiri pamodzi osazindikira, napitiriza kulemba. Pamene anaceuka kuti awerenge zimene walemba anapeza tsamba loyera pakati pa nkhani yace. Panalibe cocita: masamba anali owerengedwa ndi odindidwa, ndipo sakanatha kung'amba kapena kupempha ena. Dzina lace linapacikidwa pa khoma, ndipo cimangirizo cimene iye anaciyesa cabwino koposa sicinafike m'manja mwa woyesa ali yense. Zaka zitatu za kukonzekera zinathera pa cala cimodzi cimene cinagwira mapepala awiri. Mu 1690 anayesanso, koma anadwala mayeso ali pakati nalephera kutsiriza.

Kodi lamulo limene linamgwetsa linali loipa? Linaikidwa kuti mwana wa mphawi asapambanidwe ndi mwana wa wopereka ciphuphu, ndipo mlandu wa 1657 uonetsa kuti ziphuphuzo zinalipodi. Koma lamulo lomwelo silinathe kusiyanitsa wakuba ndi munthu wotopa amene wagona usiku pa matabwa awiri. Mayeso anafuna kuyesa kudziwa mabuku ndi kuganiza bwino, koma pamodzi ndi izi anayesanso mphamvu ya msana, kupenya kwa maso pa kuunika kwa kandulo, ndi kudekha kwa zala, ndipo pa zotsatira zace panalibe colekanitsa zinthu zimenezi.

Pu Songling sanakhoze konse mayeso a cigawo. Atapitirira zaka 70 anapatsidwa dzina laling'ono laulemu limene boma linali kupatsa ophunzira okalamba, namwalira mu 1715. Koma madzulo a zaka zonse zija za uphunzitsi anali kulemba nthano za mizimu, za nkhandwe zosanduka anthu ndi za ophunzira osauka, pafupifupi 500, popanda womuwerengera makandulo. Buku lace, Liaozhai Zhiyi, linayenda m'manja mwa anthu olikopera okha kufikira linasindikizidwa mu 1766, ndipo lero liwerengedwa m'zinenero zambiri, pamene maina a anthu amene anakhoza ku Jinan mu 1687 adziwika ndi ofufuza mbiri okha. M'nthano yina ya m'bukumo muli wansembe wakhungu amene aweruza zimangirizo pozitentha ndi kununkhiza utsi wace. Ca wophunzira wina wodzitama cimcititsa mseru. Zotsatira zitaturuka, wodzitamayo ndiye wakhoza, ndipo wolemba bwino wagwa.

Pa mayeso otsiriza a m'nyumba ya mfumu zinthu zinali zosiyana. Kumeneko mapepala sanakoperedwe ndi inki yofiira. Oyesa anaona dzanja la mwini wace, ndipo nthawi inali tsiku limodzi, kuyambira m'mawa kufikira kulowa kwa dzuwa. Cifukwa ca ici, m'zaka za m'ma 1800 kukongola kwa zilembo kunayamba kulemera koposa zonenedwazo. Kunafunika zilembo zakuda bii, zofanana msinkhu, zoongoka ngati zosindikiza, ndipo ophunzira anataya zaka kuzolowetsa dzanja kuti lizilemba cotero mofulumira. Gong Zizhen, mmodzi wa anthu oganiza mozama a nthawi yace, anakhoza mu 1829, koma anamanidwa malo m'bungwe la Hanlin, kumene kunali kucokera nduna zazikuru, cifukwa zilembo zace sizinafike pa muyeso umenewo.

Mbiri ya mayesowa inafika ku Ulaya kudzera mwa ansembe monga Matteo Ricci, amene zolemba zace zinasindikizidwa mu 1615. Mu 1847 Thomas Taylor Meadows, Mngelezi wogwira nchito ya boma lace ku China, analemba buku lolimbikitsa kuti Britain nayo izisankha anchito ace mwa mayeso. Masukulu akuru a ku England anali kale ndi mayeso ao olemba, kotero sikuyenera kunena kuti zonse zinacokera ku China. Koma citsanzo ca China cinali pakamwa pa anthu pamene Northcote ndi Trevelyan anapereka lipoti lao mu 1854, ndi pamene mayeso opikisana olowera nchito ya boma ku India anayamba mu 1855. Mu 1858 Cambridge inakhazikitsa bungwe loyesa ana a m'masukulu, ndipo mapepala a bungwe limenelo ndiwo amene pambuyo pace anaoloka nyanja nafika m'manja mwa anyamata a ku Munali ndi masukulu ena a sekondale m'masiku a Northern Rhodesia.

Ku China komweko mayeso akalewo anali kufika kumapeto. Dziko litagonjetsedwa pa nkhondo zingapo ndi maiko a zida zatsopano, anthu ambiri anaona kuti nduna zodziwa kuyenderanitsa ziganizo sizidziwa za sitima, za migodi kapena za masamu. Cimangirizo ca miyendo isanu ndi itatu cinacotsedwa ndi lamulo la 1901, ndipo mu September 1905 boma linalengeza kuti mayeso onsewo atha. Tizipinda tambiri ta ku Nanjing tinagwetsedwa kuti pamangidwe misika ndi nyumba, ndipo pa malo otsalawo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za mayeso. Munthu wotsiriza kukhala woyamba pa mayeso a m'nyumba ya mfumu, mu 1904, anali Liu Chunlin, wa m'banja losauka la m'cigawo ca Zhili. Ufumu umene anayenera kuutumikira unagwa patapita zaka zosakwana khumi, ndipo cimene anachuka naco m'moyo wace wotsala cinali dzanja lace: zilembo zace zazing'ono zinasindikizidwa m'timabuku, ndipo ana a sukulu anali kuzitsanzira pophunzira kulemba.